Ndipange overclock kuno kotentha chonchi?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndili pa Nchalo, ndimaedita mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yanga ili ndi Ryzen 5 5600G, bodi ya B450 ndi ma RAM awiri a DDR4, 8GB iliyonse. Pa paketi analemba liwiro la 3200 koma Task Manager ikuonetsa 2133, ndiye mnzanga akuti ndipange overclock RAM ndi purosesa yomwe kuti izirenda msanga. Ndipange? Wowerenga wanu, Nchalo.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo akunena zoona pa RAM, koma za purosesazo dikirani kaye.

RAM yanuyo sanakubereni ayi. Ma DDR4 ambiri ukangowalowetsa amayambira pa 2133 kapena 2400 mpaka mwini wake utayatsa XMP, setingi yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwa pa paketi. Poyatsa kompyuta muzidina Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS (menyu ya masetingi a bodi), pezani XMP (pa bodi za Asus amalemba DOCP), sankhani Profile 1, F10 kusunga, basi. 5600G inapangidwa kuti iziyenda ndi 3200 ndiye apa simukuikakamiza chilichonse, komanso poti magirafiki ake ali mkati mwa purosesa momwemo ndipo amabwereka RAM yomweyo, kusintha mukuona ndithu pokoka vidiyo pa timeline. Ngati bodi ili ndi malo anayi, ma RAM akhale pachiwiri ndi pachinayi kuwerengera kuchokera ku purosesa kuti aziyenda dual channel (iliyonse pa njira yakeyake nthawi imodzi), ambiri amangowagundanitsa n'kutaya liwiro laulere. Mukatero yendetsani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, kuchokera pa fulashi, isapeze error ngakhale imodzi.

Tsono purosesa. Overclock ndi kuikweza liwiro kupitirira la kufakitale, nthawi zambiri ndi voteji yomwe, ndipo zonsezo zimathera ku kutentha. Anthu a pa YouTube mukuwaonerawo amayesera m'zipinda zozizira, inu muli ku Chikwawa komwe Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 kapena kuposa, m'shopu ya malata masana fani ikungozunguza mphepo yamoto, fumbi la mumsewu likulowa. Kakula (koziziritsira purosesa) kamene kamabwera m'bokosi ndi 5600G n'kongokwanira mawati 65 ake aja. Purosesayi payokha imakwera kale kuchoka pa 3.9 kufika 4.4 GHz, ndipo ikagunda madigiri 95 imadzibweza yokha kuti isapse, ndiye mutha kukweza manambala mu BIOS koma vidiyo n'kumachedwa kuposa kale, kapena kompyuta kuzima pakati pa ntchito mwini ukwati atakhala pabenchi kudikira fulashi yake. Zimenezo zimandiwawa ine, chifukwa kasitomala wotero sabweranso.

Ikani HWiNFO (pulogalamu yoonetsa kutentha kwa purosesa), rendani vidiyo cha m'ma 2 koloko masana muone madigiri. Ikamadutsa 85 musanakhudze chilichonse, vuto ndi kuzizira: tsegulani kesi, uzirani fumbi lomwe lamatirira pa kula ngati thonje, sinthani thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi kula), chotsani kompyutayo pansi ndi pakona. Ndalama ikapezeka gulani kula yaikulu ya tower ndi UPS (batire loti kompyuta isazime magetsi akathima), poti magetsi akathima mukusintha za BIOS kapena mukurenda mumalira.

Mukayatsa XMP sikirini n'kungoti bii osaonetsa kanthu, musanjenjemere. Zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa bodi, dikirani mphindi zisanu, bwezerani. BIOS ibwerera mwakale, kenako yesani 3000 kapena 2933, mudzatilembere momwe zayendera.