Za maselo oyenda pa bala

Achimwene, mwafunsa kuti selo (kachigawo kakang'ono kwambiri kopanga thupi) limayenda bwanji chonsecho ndi lomatirira ku anzake. Zomatazo ndi mapuloteni, alipo ambiri koma awiri awa ndiye akuluakulu. Cadherin imamanga selo ndi selo linzake ndipo imafuna calcium kuti igwire, pomwe integrin imagwira pansi pamene selo laponda, pa mapuloteni a kunja kwa selo otchedwa collagen ndi fibronectin.

Ndiye tinene mwadzitema ndi chikwanje podulira tiyi ku esiteti kuja, maselo a khungu a m'mphepete mwa bala amayenera asunthe akatseke. Apa ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito m'thupi) ngati ADAM10 amadula E-cadherin, womwe ndi mtundu wa cadherin, kunja kwa selo ngati lumo, selo nkumasukako kwa anzake. Kayendedwe kake kali ngati kukwera thanthwe ku Likhubula, dzanja ligwire kutsogolo phazi lisiye kumbuyo, integrin ikugwira kutsogolo kwinaku enzyme ina yotchedwa calpain ikumasula zakumbuyo. Selo likagwiritsitsa kwambiri siliyenda, likapanda kugwira lingoterereka basi.

Chondiwawa ine nchakuti khansa nayo imabera njira yomweyi, E-cadherin ikachepa maselo a chotupa amathothoka nkulowa m'magazi, mpake khansa ya m'bere imakapezeka mpaka m'mapapo kapena m'mafupa.