Mafunso a owerenga: panelo ya mawati 550 kapena ya 430, nditenge iti?

Funso: Akonzi, ndikufuna kuika sola padenga la nyumba yanga ndipo ndaona mapanelo amitundu iwiri. Yoyamba ndi ya mawati 550, ya mtundu wa PERC, mamita 2.28 m'litali ndi 1.13 m'lifupi, yolemera makilogalamu 27. Yachiwiri ndi ya mawati 430, ya mtundu wa TOPCon, mamita 1.72 m'litali ndi 1.13 m'lifupi, makilogalamu 21, koma mtengo wake pa wati iliyonse ndi wokwererapo pang'ono. Mbali ya denga imene dzuwa limaomba bwino ndi mamita 7 m'litali ndi mamita 4.2 kuchoka pamsonga kutsika m'munsi. Pa inveta yanga analembapo kuti mavolti ochokera ku sola asapitirire 450, MPPT (mbali ya inveta yolandira magetsi a sola) imagwira ntchito pakati pa mavolti 120 ndi 430, ndipo maampu asapose 18. Mtima wanga uli pa ya 550 poti ndiyo yamphamvu. Kodi ndalondola? Ndine bambo wowerenga nkhani zanu.

Yankho: Zikomo bambo polemba manambala onse, chifukwa yankho lagona momwemo. PERC ndi TOPCon ndi njira ziwiri zopangira maselo, timagawo ta panelo tokolola dzuwa. Panelo ya 550 ili ndi mawati ambiri kaamba koti ndi yaikulu, osati kuti imakolola dzuwa bwino kuposa inzake. Chulukitsani litali ndi lifupi. Yaikulu ikutenga malo okwana masikweya mita 2.58, yaing'ono 1.94. Mukagawa mawati ndi malowo, yaikulu ikupereka mawati 213 pa sikweya mita, yaing'ono 221. Choncho pa denga lomwelo, yaing'onoyo ndiyo ikupambana, ngakhale ndi pang'ono.

Koma chomwe chikugamula nkhani yanu ndi muyeso wa dengalo. Mapanelo safika m'mphepete mwenimweni. Pamafunika kusiya masentimita osachepera 30 mbali zonse, chifukwa mphepo yamkuntho imakoka mwamphamvu kwambiri m'mphepete ndi m'makona, komanso pamafunika mpata wa masentimita 2 pakati pa panelo ndi inzake woikapo makalampu. Mukaimika mapanelo aakulu chotalika, mzere umodzi ulowa asanu, koma mzere wachiwiri sukwana poti iwiri ifuna mamita oposa 4.5. Amenewo ndi mawati 2,750 basi. Mukawagoneka cham'mbali, alowa awiri pa mzere, mizere itatu, onse asanu ndi imodzi, mawati 3,300. Atatu pa mzere angasiye masentimita 6 okha m'mphepete, ndipo zimenezo sitingakulangizeni. Mapanelo aang'ono oimika chotalika alowa asanu pa mzere, mizere iwiri, onse khumi, mawati 4,300. Denga lomwelo, kusiyana kwa mawati 1,000.

Tsopano tibwere ku inveta, pomwe anthu ambiri amaonongera katundu. Kumbuyo kwa panelo iliyonse kuli chipepala chomata cholembedwa Voc, Vmp, Isc ndi Imp. Voc ndi mavolti a panelo ikakhala padzuwa koma isakukokedwa magetsi. Vmp ndi Imp ndi mavolti ndi maampu ake ikamapereka mphamvu yake yonse, ndipo Isc ndi maampu ake mukagunditsa waya wa + ndi wa −. Mapanelo a 550 amtundu umenewu amakhala ndi Voc ya pafupifupi 49.6, a 430 pafupifupi 38.5, koma werengani pa anu enieniwo. Mukalumikiza mondondozana, waya wa + wa panelo ina kulowa ku − wa yotsatira, mavolti amaphatikizana pamene maampu sasintha. Mapanelo khumi a 430 apereka mavolti 385. Musaimire pamenepo. Manambala a pachipepala anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, ndipo panelo ikazizira mavolti amakwera ndi pafupifupi 0.25 peresenti pa digiri iliyonse. M'mawa wozizira kufika madigiri 0, dzuwa likangotuluka, mavolti 385 aja afika cha m'ma 409. Akadali pansi pa 450, ndiye palibe vuto. Mukadakhala ndi denga lokwana mapanelo aakulu asanu ndi anayi, pa pepala akanaoneka ngati akukwana ndi mavolti 446, koma m'mawa wozizira womwewo akanadutsa 470, n'kuotcha mbali ya MPPT ya inveta. Kuonongeka kotereku opanga mainveta nthawi zambiri sakulipira pa waranti. Werengerani ndi kuzizira kwakukulu kumene dera lanu limafika, osati kwa masiku wamba.

Maampu nawo muwayang'ane. Mapanelo onse awiriwa amatulutsa pakati pa maampu 13 ndi 14. Mzere umodzi wondondozana ukulowa bwino mu malire a 18. Mutagawa khumi aja kukhala magulu awiri a asanu asanu, n'kuwaphatikiza + ku + ndi − ku −, maampu afika cha m'ma 27. Inveta idzangotenga 18, otsalawo atayika, ndipo mainveta ena amaonongeka ngati Isc yapitirira malire awo. Ndiye khumi onsewo akhale mzere umodzi, ndipo onetsetsani pa buku la inveta kuti imalandira mawati 4,300 a sola.

Za kutentha. Panelo imafuna kuwala, osati kutentha. Masana dzuwa likaswa mtengo, panelo ya padenga imatha kufika madigiri 60 kapena 65. PERC imataya pafupifupi 0.35 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yopitirira 25, TOPCon pafupifupi 0.30. Pa madigiri 65, yoyamba yataya 14 peresenti, yachiwiri 12. Kusiyanako kulipo koma si kwakukulu. Chofunika kwambiri ndi kuika mapanelo pa njanji zosiya mpata wa masentimita pafupifupi 10 kuchoka pa denga, kuti mphepo izidutsa pansi. Panelo yabwino yogonekedwa pa malata penipeni ikhoza kugonja kwa panelo wamba yopitidwa mphepo.

Waranti ilipo iwiri, ndipo ogulitsa amakonda kutchula yaitaliyo. Ya zaka 25 kapena 30 ndi lonjezo la mphamvu chabe. PERC nthawi zambiri imalonjezedwa kutsika ndi 2 peresenti chaka choyamba, kenako 0.55 chaka chilichonse, kufika 84.8 peresenti pa chaka cha 25. TOPCon imalonjezedwa 1 peresenti chaka choyamba, kenako 0.4, kufika 89.4 pa chaka chomwecho. Waranti inayo ndi ya katundu weniweniyo: galasi kumatuka, madzi kulowa, kabokosi ka mawaya kumbuyo kupsa. Imeneyi nthawi zambiri imakhala ya zaka 12, ena amapereka 15 kapena 25, ndipo ndiyo muifunse, pamodzi ndi yemwe adzalandire dandaulo lanu. Sungani lisiti ndi manambala a siriyo a panelo iliyonse.

Malangizo athu ndi akuti mutenge ya 430. Ikudzaza denga lanu, ikugwirizana ndi inveta yanu, ndipo makilogalamu 21 amakwezeka padenga mosapindika, pamene panelo ya mamita oposa awiri imagwira mphepo m'manja ndipo ikapindika maselo amang'aluka ming'alu yosaoneka ndi maso. Ya 550 si yoipa. Pa denga lalikulu lopanda zopinga, kapena poika pansi, imapulumutsa makalampu, mapulagi ndi ntchito. Musanagule chilichonse, mmisiri aone kaye mitengo ya denga, chifukwa mapanelo khumi ndi njanji zake ndi katundu woposa makilogalamu 230.

Funso: Ndili ndi batire limodzi la mavolti 12 ndi kontolola (kachipangizo kolamulira magetsi ochoka ku panelo kulowa m'batire) ya PWM ya maampu 30. Ndikusankha pakati pa panelo ya mawati 150 ndi ina ya 300. Kodi ya 300 sidzadzaza batire mwachangu kawiri? Ndine mayi wowerenga.

Yankho: Ndi kontolola imeneyo, ayi mayi. PWM imagwira ntchito ngati switchi yolumikiza panelo ku batire mwachindunji, ndiye panelo imakakamizika kutsika kufika pa mavolti a batire, cha m'ma 13.5. Chimene chimalowa ndi maampu a panelo basi. Panelo ya 150 yopangidwira mabatire a 12 imakhala ndi Vmp ya pafupifupi 18 ndi maampu 8.3. Pa batire lanu ipereka mawati 112. Ya 300 imakhala ndi Vmp ya 32 kapena 33 ndi maampu opitirira 9 pang'ono, ndiye pa batire lomwelo ipereka mawati osakwana 130. Mwalipira mawati 300, mukulandira osafika theka. Komanso Voc yake ya pafupifupi 40 imaposa malire a makontolola ena a PWM, ndipo ikhoza kuwaotcha.

Njira zilipo ziwiri. Ngati simusintha kontolola, tengani ya 150, ndipo mukafuna kuwonjezera mugule ina yofanana nayo, muziphatikize + ku + ndi − ku −, maampu akhale cha m'ma 17. Ngati mukufuna ya 300, gulani kontolola ya MPPT ya maampu 30. Imeneyo imasandutsa mavolti otsala kukhala maampu, ndipo dzuwa likakhala bwino batire lilandira pafupifupi maampu 20. Koma taonani kukula kwa batirelo. Batire la asidi la 100Ah silikonda maampu opitirira 20, ndipo ambiri amakhala bwino pa 10 mpaka 15. Chenjeraninso ndi makontolola opepuka ngati kabokosi kopanda kanthu koma olembedwa MPPT. MPPT yeniyeni ili ndi koyilo yaikulu mkati, imalemera, ndipo imalemba malire a mavolti a sola monga 75, 100 kapena 150. Polumikiza, yambani ndi batire, panelo pambuyo. Pochotsa, yambani ndi panelo.

Funso: Padenga pali kale mapanelo anayi a mawati 330. Ndingawonjezere awiri a 550 pa mzere womwewo?

Yankho: Musatero. Pa mzere wondondozana, maampu onse amatsatira panelo yofooka. A 330 amatulutsa pafupifupi maampu 9, ndiye a 550 aja, omwe akanapereka 13, adzakakamira pa 9, ndipo aliyense adzataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Ikani atsopanowo pa khomo lachiwiri la MPPT ngati inveta ili nalo ndipo mavolti awo akufika poyambira pake, apo ayi agulireni kontolola yawoyawo.

Funso: Wogulitsa akuti panelo ina ndi ya nkhope ziwiri, imakolola dzuwa kutsogolo ndi kumbuyo, komanso ndi Tier 1. Inayo ndi ya nkhope imodzi. Ndiwonjezere ndalama? Nanga ndidziwa bwanji kuti mawati olembedwawo ndi oona?

Yankho: Panelo ya nkhope ziwiri imapindula ikakwezedwa m'mwamba pamalo owala, monga pa denga lafulati lopakidwa penti yoyera, pomwe kuwala kumanjanja n'kufika kumbuyo kwake. Ikagona moyandikana ndi denga lotsetsereka, kumbuyo kumakhala mdima ndipo phindu lake ndi lochepa kwambiri. Ubwino wotsala ndi wakuti ambiri mwa mapanelo amenewa ali ndi galasi mbali zonse ziwiri, ndiye chinyezi sichilowa msanga, koma amalemererapo. Tier 1 ndi mndandanda wa bungwe la BloombergNEF, wosonyeza makampani omwe mapanelo awo agwiritsidwa ntchito pa mapulojekiti aakulu olipiridwa ndi ngongole za mabanki. Sunena kuti panelo yomwe ili m'manja mwanuyo inayesedwa. Zoyesa zenizeni ndi IEC 61215, ya kulimba, yomwe mwa zina amaombera panelo ndi matalala a mamilimita 25 pa liwiro la mamita 23 pa sekondi, ndi IEC 61730, ya chitetezo cha magetsi ndi moto. Manambala awiriwa aoneke pa chipepala cha kumbuyo ndi pa datasheet, pepala la kampaniyo lofotokoza za paneloyo.

Pofuna kugwira bodza la mawati, pitani ndi tepi yoyezera. Mapanelo abwino a masiku ano amapereka mawati 200 mpaka 230 pa sikweya mita. Panelo ya mita imodzi m'litali ndi masentimita 67 m'lifupi singapitirire mawati 155, kaya alembepo 300. Chulukitsaninso Vmp ndi Imp, yankho lifanane ndi mawati olembedwa. Nambala ya siriyo yeniyeni imakhala mkati mwa galasi, pomwe munthu sangaimatule, ndipo ifanane ndi ya pa chipepala. Kenako itulutsireni padzuwa la masana, muyeze Voc ndi mita yoyezera magetsi. Ikatsika pang'ono chifukwa cha kutentha, palibe cholakwika. Ikasowa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti imodzi mwa madayodi atatu a m'kabokosi ka kumbuyo yapsa, ndipo muisiye. Mavolti okha satsimikiza mphamvu, chifukwa ngakhale panelo yofooka imaonetsa Voc yabwino. Yezaninso Isc, koma ndi mita yotha kulandira maampu oposa olembedwawo, popeza mamita ambiri a m'manja amalekera pa 10. Yezani panelo imodzi payokha, osati mzere wonse, ndipo muiphimbe ndi nsalu yokhuthala polumikiza ndi pochotsa mawaya kuti pasathetheke moto pa mapulagi a mawaya a panelo, otchedwa MC4.