Tifunseni: Kodi uhedi umalowedwa bwanji?

Funso: Zikomo. Ndaphunzitsa zaka 9 pasukulu ina ya pulayimale ku Ntcheu. Ndikufuna kudzakhala mphunzitsi wamkulu. Ndiyambire pati? — Mphunzitsi wa Sitandade 6

Yankho: Aphunzitsi, yambani mwafufuza mapepala m'sutikesi. Satifiketi ya MSCE ikhalepo, pamodzi ndi ya uphunzitsi yomwe munalandira mutakhoza mayeso a MANEB ku koleji ya aphunzitsi (TTC). Mulembetsenso ku Teachers Council of Malawi, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la maphunziro la 2013. Ambiri amazengereza pamenepa.

Kukwera giredi kumadzera ku intavyu, maso ndi maso. Ine nditapitako anandipanikiza za kasungidwe ka rejisitala ndi ndalama za sukulu, thukuta kamukamu! Choncho pemphani ahedi anu muziwathandizako ntchito za muofesi kuyambira teremu ino.