Za LDL ndi HDL pa pepala lanu lija

Achemwali, poti mwati zotsatira za magazi anu zoyeza cholesterol, mafuta a m'magazi, zakusokonezani, yambani ndi mzere wa LDL. Amenewo ndiwo mafuta oipa, amamatirira m'mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa. Kuno ku Johannesburg amayeza mu mmol/L, muyeso wa kuchuluka kwa mafutawo m'magazi: kwa munthu wopanda matenda ena, LDL ikhale pansi pa 3, cholesterol yonse pansi pa 5. HDL musaiope, ndiyo yabwino, imatola mafuta n'kupita nawo kuchiwindi. Ma triglyceride, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, amakwera ndi shuga komanso mowa.

Ine cholesterol yanga inakwera nthawi imene nkhomaliro inali magwinya (mandasi a kuno) ndi kota (buledi wodzaza tchipisi ndi soseji) tsiku ndi tsiku, mafuta kuchita kunyowetsa pepala. Thupi silinapweteke paliponse, ndipo n'zimene zimapusitsa anthu. Ndinabwerera ku nyemba, mpiru ndi usipa wobwera pa basi.

Poti mwati munasiya kusamba, dziwani kuti estrogen, homoni ya akazi, ikachepa LDL imakwera. Chithokomiro chikafooka, chimodzimodzi, choncho funsani adokotala ngati n'koyenera kuyeza TSH, yoonera mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Akakupatsani simvastatin, mankhwala otsitsa cholesterol, musasiye panokha. Koma mukamva chifuwa chikuthina, ululu ukufika kumkono kapena kunsagwada, thamangirani kuchipatala pompo, musadikire kuti kuche.