Mimba yamphesa: kodi ndi zaka zanga?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Ali ndi zaka 43, anali ndi mimba ya miyezi itatu, ankasanza kwambiri ndipo magazi ankadontha. Atamujambula pa sikani anamuuza kuti mwana mulibe, muli timatuza tokhatokha, ndipo anamukolopa. Akufunsa kuti: vutoli likuchuluka masiku ano, kapena ndi zaka zanga? Apongozi akuti wina anabweza mimbayo.

Mayi, palibe anakulodzani. Madokotala amati molar pregnancy. Nsengwa imakula molakwika n'kusanduka timatuza tamadzi tonga mphesa. Nthawi zina umuna umalowa m'dzira lopanda kanthu, zonse n'kuchokera kwa bambo. Nthawi zina umuna uwiri umalowa m'dzira limodzi, ma chromosome, tinthu tosunga chibadwa cha munthu, n'kukhala 69 m'malo mwa 46.

Zaka zimakhudzadi. Atsikana aang'ono, makamaka osafika zaka 16, vutoli limawagwera kawirikawiri. Pakati apa limachepa, kenako limakwera munthu akadutsa zaka 40, ndipo likamafika cha ku 50 limakwera moopsa, chifukwa mazira nawo amakalamba. Nthawi zambiri ndimauza amayi kuti si mlandu kubereka mochedwa, koma sikelo muyambe msanga.

Zakuti likuchuluka, yankho silimodzi. Ku Japan ndi ku Korea, kumene kale kunali kochuluka, chiwerengero chatsika m'zaka makumi angapo. Ku Britain, komwe mayi aliyense wotere amalembedwa m'kaundula kuyambira 1973, ndi mimba imodzi pa pafupifupi 600, ndipo chakwerako pang'ono pomwe amayi ambiri akubereka atakula. Kwathu kuno, ine ndikuona kuti sikani ndiyo yatitsegula maso. Agogo athu akanangoti mimba yachoka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: kukolopa sikumaliza nkhani. Timatuza tina titha kutsalira n'kumakula, mwa ena mpaka kusanduka khansa. Khansa imeneyi imachizika bwino ndi mankhwala, monga methotrexate, ikapezeka msanga. N'chifukwa chake amakuitanani kukayeza hCG, homoni yomwe nsengwa imatulutsa, mobwerezabwereza mpaka itatsika. Panthawiyi mulere kaye, chifukwa mimba yatsopano imakwezanso hCG ndipo adokotala sangasiyanitse.

Kubwereranso kwa mimba yamphesa pa mimba ina ndi kochepa, mayi mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Tsiku limene analemba pa kabuku kanu kachipatala lija, kwerani kabaza mupite ku chipatala cha Central, ngakhale mukumva bwino.