Mayi, musatumize kaye ndalama imeneyo

Mayi, chonde ikani kaye foniyo pansi, ndalama ya lendi ya miyezi itatu imene akukuuzaniyo, ya chipinda cha mwana wanu amene akudzayamba yunivesite, musatumize lero. Chithunzi cha pa WhatsApp sichigonedwa. Ndikulemba izi mtima ukugunda chifukwa mawu aja mwalembawa, akuti "malo atsala awiri okha", ndi omwewo amene anatiuza ife kumayambiriro kwa 2023. Mwana wanu ndi wamkazi, ku Blantyre akubwera koyamba, sadziwa kuti Ginnery Corner ndi kuti, Chitawira ndi kuti. Inenso ndinali choncho, yaro (wophunzira wa chaka choyamba) wa ku Kasungu, Blantyre ndinkangoimva pa wailesi.

Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa NCHE wa osankhidwa kupita ku yunivesite kwathu kunali nthungululu, koma titamva kuti malo ogona pa kampasi sindinapeze, pakhomo panangoti zii. Mu gulu la WhatsApp la ma yaro munali mnyamata wina waulemu wake, chilichonse "asisi", "mlongo wanga". Anati ali chaka chachitatu ndipo amathandiza atsopano kupeza malo. Ananditumizira zithunzi: pansi matailosi, mabedi awiri, tebulo lowerengera, zenera la mabagala, kunja mpanda wa njerwa. K35,000 pamwezi munthu mmodzi, kulipiriratu miyezi itatu, kuonjezera K10,000 yake ya thiransipoti. Anati kuchoka pamenepo kukafika m'kalasi ndi mphindi khumi wapansi. Amayi anga anagulitsa mbuzi mu Januwale, ndipo inu a kumudzi mukudziwa kuti mu Januwale mbuzi imapita pa mtengo wongotaya chifukwa aliyense akusaka chimanga ndi feteleza. Tinatumiza pa foni, uthenga unabwera woti ndalama yapita, tinaomba m'manja.

Tsiku lopita tinadzuka kusanache, kukasintha basi ku Lilongwe, kufika pa Wenela kutada kale, mvula ikuwaza. Katundu wake ameneyo: matiresi omanga ndi linya, thumba la ufa, nyemba, mbaula, sutikesi, ndowa yabuluu imene amayi anagula kuti ikhale yanga yanga. Kuimba foni ya mnyamata uja, ikulira osayankha. Kuimbanso, yathimitsidwa. Tinakhala pa katundu ola lathunthu, anyamata onyamula katundu akutizungulira. Kenako anangotumiza uthenga, osaimba, kuti kwerani takisi muwauze akusiyeni pa golosale yakuti kumtunda kwa Zingwangwa, geti lachitatu, akuyembekezerani. Wa takisi atangomva malowo anaseka, nati kumeneko kuchokera kusukulu mphindi khumi mwina pa ndege.

Tinagogoda pa geti galu akuuwa mkati. Anatuluka mayi wina atafunda chitenje kumutu, tochi m'manja, kutiunika kumaso ngati akuba. Amayi anga anapereka moni bwinobwino, nati tabwera ndi mwana uja wa chipinda. Iwo aja anangoti, "Mwana uti? Chipinda chimenecho muli kale ana anayi." Ndinawaonetsa zithunzi. Chipinda chinali chomwecho ndithu, matailosi omwewo, koma mabedi awiri aja anali atawachotsa kalekale n'kuikamo osanjikiza, ndipo tebulo lija linali pabalaza pawo litanyamula TV. Ndinawaonetsa uthenga wa ndalama. Anayang'ana n'kunena kuti nambala imeneyo si yawo, mnyamatayo anangowapatsa ya mwezi umodzi n'kuwauza kuti pali mwana wina adzabwera, "mudzaona pomuika".

Chimene sindidzaiwala mpaka kufa n'chakuti amayi anga anagwada. Pamatope paja, mvula ikuwakhapa, mayi amene kwathu amatsogolera nyimbo ku Chigwirizano, amene anthu amawaimirira akafika pa maliro. Anagwada n'kumaomba m'manja kuti chonde mayi mnzanga, mwanayu sadziwa aliyense m'tauni muno, tigone pati usiku uno. Ine nditaima pambali nditakumbatira matiresi onyowa, atsikana anayi aja akusuzumira pa zenera, mmodzi akudya tchipisi. Mayi aja anatisiya choncho kanthawi, kenako anati kuseri kuli kachipinda kamene amasungamo makala ndi matumba a chimanga, tingagone momo "kwa sabata imodzi yokha" pomwe akuganiza. Tinakoka matumba tokha mumdima. Usiku umenewo amayi anagona chokhala atatsamira khoma, makoswe akuthamanga pa denga, ndipo m'mawa ponditsanzika pa Wenela anandiuza kuti ndisawauze abambo, angadwale BP.

Sabata imodzi ija inasanduka miyezi iwiri. Ndipo lendi ndinkalipira yofanana ndi a m'chipinda cha matailosi, poti akuti "denga ndi denga". Ya miyezi iwiri imene dobadoba uja anadya inali nkhani yanga, iwo sizinkawakhudza. Chimbudzi chinali chimodzi cha anthu khumi ndi anayi, ndipo kumbukirani imeneyo ndi nthawi imene kolera inavuta mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwetsa kutsegulira. Mpopi ankaukhoma ndi loko, kutsegula m'mawa kwa ola limodzi, ukachedwa usamba madzi a dzulo. Sabata iliyonse ankatolera za mayunitsi koma hotipuleti ayi, ayironi ayi, ketulo ayi, nyali izime 10 koloko. Ndiye mayunitsiwo ankapita kuti? Firiji yawo ya mafirizesi ogulitsa inkalira usiku wonse, ife tikuwerenga ndi tochi ya foni. Ulendo wa mphindi khumi uja ndinauyesa ndi wotchi: mphindi makumi asanu, kutsika, kuwoloka kamtsinje, kukwera. Ukachedwa ku laibulale ndiye kabaza, ndipo ya kabaza ndi imene inali ya ndiwo.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy. Usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi kuchera Lolemba. Mvula inali itagwa kale osapumira, mphepo ikukankha malata ngati munthu akufuna kulowa. Kachipinda kanga kanali kumunsi kwa poloti, madzi onse a pabwalo ndi a kwa aneba akumtunda njira yawo inali pakhomo panga. Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka dzanja langa lili m'madzi. Matiresi anali pansi, bedi ndinalibe. Magetsi kulibe. Kuyatsa foni ndinaona masilipasi akuyandama, ufa wa amayi wasanduka phala m'thumba momwemo, khoma la kumutu likutuluka thukuta lamatope n'kumamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Pulasitala inali kunja kokha, mkati zinali zidina zomangira dothi. Ndinangotola foni ndi chitenje n'kuthawa. Laputopu imene amalume ananditumizira kuchokera ku Johannesburg ndinaiika pamwamba pa sutikesi poganiza kuti pamenepo madzi safika. Ndili pabwalo ndinamva khoma likukhala pansi, osati ndi phokoso lalikulu ayi, linangoti fwaa, ngati thumba la mchenga lang'ambika.

Ndinagogoda kwa alandilodi mpaka zala kupweteka. Sanatsegule. Amene ananditsegulira ndi atsikana anayi aja, ndipo wa tchipisi uja ndi amene anandiveka juzi yake n'kundigoneka pa bedi lake, mpaka lero ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo. Kutacha tinayamba kumva za ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zitatsika usiku n'kukwirira mabanja athunthu, anthu akunyamulidwa kupita ku chipatala cha Queens. Pamenepo ndinasiya kulira za laputopu, ndinachita manyazi. Ine ndinatuluka ndi moyo, ena amene tinkakumana nawo pa msika sanatuluke.

Koma mayi aja, Mulungu andikhululukire, sindinawakhululukirebe. Mvula isanathe n'komwe anabwera kudzaona khoma lawo, osafunsa kuti mwana iwe wavulala kapena ayi. Nditapempha kuti andibwezereko lendi ya Malichi poti chipinda kulibe, anati mvula sanaitane ndi iwo. Kenako anatenga zimene tinafukula m'matope, sutikesi, mbaula, ndowa, kukazitsekera m'nyumba mwawo, akuti ndili ndi ngongole ya mayunitsi ya masabata awiri. Mayunitsi a chipinda chimene chinali ndi babu limodzi! Munthu wopemphera ameneyo, Lamulungu lililonse wotchena, Baibulo kukhwapa. Ana a eni ake amawaona ngati nkhuku zoikira, bola ziikire, khola likadontha si kanthu. Mnyamata ujanso ndinadzamva kuti sanali wa chaka chachitatu, anawididwa (kuchotsedwa sukulu atalephera mayeso) kalekale, amangozungulira pafupi ndi sukulu nyengo ya ma yaro ngati khwangwala pa mtondo. Ndinakumana naye kamodzi pa Chichiri atavala jekete yabwino, anandipatsa moni wa "asisi" osandikumbuka n'komwe. Ndinangoti zikomo. Mpaka pano ndimadzida chifukwa cha zikomo ameneyo.

Semesita imeneyo ndinaimaliza ndikugona mobisala kwa mnzanga wa pa kampasi, bedi limodzi anthu awiri, wina mutu uku wina uko. N'zoletsedwa, ndipo sindikuti mwana wanu akachite zimenezo, koma kunena zoona ndi pamene ndinayamba kugona tulo. Ndinalemba sapu (mayeso obwereza) imodzi, ndinapulumuka.

Ndiye mayi, limbanani kaye ndi malo a pa kampasi. Sakwanira aliyense, izi tonse tikudziwa, koma mwanayo alembetse msanga, ndipo akakanika apite yekha ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, afunsenso a bungwe la ophunzira, chifukwa pali ena amapatsidwa malo koma osabwera. Chaka choyamba mwana wamkazi kukhala mkati n'kwabwino ngakhale chipinda chikhale chothina bwanji. Zikakanika ndithu, kwerani basi mubwere nokha, ya basiyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya miyezi itatu. Ngati sukulu yake ili ku Chichiri kapena cha ku Queens yambirani Chitawira, Naperi, Nkolokosa, kumene angayende wapansi. Ulendowo muuyende nokha ndi miyendo yanu, madzulo, osati pa galimoto masana. Mukalowa musayang'ane matailosi, yang'anani m'munsi mwa khoma ngati pali mzere wa madzi, gogodani khomalo, onani kumene madzi a mvula amalowera. Werengani mitu ya anthu, muwerengenso zimbudzi. Funsani ana amene akukhalamo kale alandilodi palibe, makamaka za mpopi, za mayunitsi, ndi zoti geti amakhoma nthawi yanji, chifukwa mwana wochokera ku laibulale 9 koloko akapeza geti lokhoma agona kuti? Funsaninso ngati pakhomopo pali ana aamuna akuluakulu a eni nyumba, mwandimva. Ndalama mupereke m'manja mwa mwini nyumba, alembe lisiti, alembenso kuti lendi sikwera semesita isanathe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anzanga ambiri anangodzuka lendi itakwera pakati pa mayeso. Ndipo ndalama ya ngongole ya boma ya ophunzira musaiwerengere pa lendi yoyamba, ili ndi ndondomeko yake, mubwere ndi yanu m'manja.

Komanso musachedwe nazo kwambiri, malo abwino amathadi, pamenepo amene akukuuzani kuti malo atsala awiri okhayo sakunama. Mukapeza pabwino lipirani tsiku lomwelo, ngakhale atati miyezi itatu, mukati mukaganize kaye mupeza alowamo ena. Ndipo ndisakunamizeni, nyumba imene ndinadzakhalamo bwinobwino kuyambira chaka chachiwiri ku Chitawira ndinaipezanso kudzera kwa dobadoba, ndinatumiza ndalama ndili ku Kasungu osaiona, ndipo agogo a pamenepo ankatipatsa mapeyala ndi kutisungira madzi m'migolo. Ndiye kaya. Kwa achibale kokha musamusiye, ku Machinjiri kapena ku Chirimba minibasi ziwiri tsiku lililonse, akafika akatsuke mbale ndi kulera ana, mabuku adzawerenga liti? Ngakhale kuti amene anabwera kudzakangana ndi mayi aja mpaka kunditulutsira sutikesi ndi azakhali anga a ku Machinjiri omwewo, anavula nsapato pa geti, aneba mpaka kutuluka.

Sutikesi ndi mbaula anabweza. Ndowa yabuluu ija anati sakuiona. Chaka chatha ndinadutsa kumeneko pa kabaza, geti linali lotsegula, ndinaiona ili pa mpopi, dzina langa limene amayi analemba ndi penti yofiira likuonekabe, ndipo kachipinda kaja anakamanganso, pakhomo pake pali nsapato za mtsikana.