Mwana wodya dothi ndi makala akayezedwe magazi

Amayi, mwafunsa za mwana wanu wa zaka zitatu amene wakhala akudya dothi la pachulu ndi makala kuchokera pamene mvula inatha, ndipo mwanena kuti ngakhale mumukwapule sasiya, pomwe agogo ake akuti adzaleka yekha akakula. Langizo langa ndi lakuti mupite naye ku kiliniki sabata ino, musadikire tsiku la sikelo.

Mawu a agogowo ndi oona kwa khanda losakwana zaka ziwiri, limene limaika m'kamwa chilichonse chimene latola. Koma mwana wa zaka zitatu amene amachita kufunafuna dothi tsiku ndi tsiku kwa nthawi yopitirira mwezi umodzi ali ndi vuto limene madokotala amalitcha pica, ndipo kawirikawiri limayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi m'thupi. Kuno kum'mawa kwa Zambia malungo amachepetsa kale magazi a ana, ndipo dothilo limabwera ndi mazira a njoka zam'mimba, zimene zimalanda chakudya cha mwanayo n'kumufooketsa kwambiri. Muone zikhatho zake, lilime ndi mkati mwa chikope cham'munsi. Ngati zayererako, kapena ngati akutopa msanga posewera, musazengereze ngakhale tsiku limodzi.

Ku kiliniki mutenge khadi lake la sikelo, ndipo munene mosabisa zimene amadya, pamene anayambira, komanso ngati mimba imamupweteka kapena amavutika pochita chimbudzi. Amayi ambiri amachita manyazi n'kungonena kuti mwana sakudya bwino, motero amabwerako ndi mankhwala osagwirizana ndi vutolo. Mupemphe mwaulemu kuti amuyeze kuchuluka kwa magazi, malungo ndi chimbudzi. Munenenso ngati kubanja kwanu kapena kwa abambo ake kuli matenda a magazi otengera ku mtundu otchedwa sickle cell, ndiponso ngati mwanayo akuchedwa kulankhula kapena sasewera ndi anzake, chifukwa khalidweli limapezekanso kwa ana amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena) kapena amene akukula mochedwa, ndipo chithandizo chawo n'chosiyana. Zimene sangathe kuyeza pamalopo adzakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Amene ali cha ku Katete ali ndi chipatala cha St Francis.

Akakupatsani mankhwala a ayironi, dziwani kuti amamwedwa kwa miyezi ingapo, osati masiku, ndipo chimbudzi chikada musadabwe, ndi mmene amagwirira ntchito. Musagule nokha mankhwalawa, ndipo mapiritsi a ayironi a amayi oyembekezera muwasunge patali, chifukwa mwana akamwa ambiri akhoza kufa. Mankhwala a njoka amaperekedwa kwaulere pa Child Health Week, sabata ya thanzi la ana, kawiri pachaka kwa ana oyambira chaka chimodzi mpaka osakwana zisanu, koma wanuyu asadikire nthawi imeneyo.

Pali zinthu zofunika kuthamangira ku chipatala ngakhale usiku: akameza batire laling'ono la wotchi, limene limatha kuwotcha kum'mero m'maola ochepa, akamwa parafini kapena mankhwala a m'munda, akamasanza kwambiri mimba itatupa, kapena mukaona magazi m'chimbudzi. Musamusanzitse, makamaka ngati ndi parafini, chifukwa amalowa m'mapapo. Ngati amatafuna penti yakale kapena pafupi ndi nyumba pali anthu ophwasula mabatire a galimoto, muwauze adokotala aganizire za mtovu, chitsulo chapoizoni chopezeka m'zinthu zimenezi. Ana a ku Kabwe akuvutikabe ndi dothi la mtovu ngakhale mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994.

Kunyumba, ndodo ikhale pansi, chifukwa mwana womenyedwa amangophunzira kudyera kuseri kwa nkhokwe kumene simumuona. Mukamupeza ali ndi dothi, mumuchotsere modekha, mumusambitse m'manja, n'kumupatsa chotafuna monga nthochi kapena mbatata yophika. Thumba la makala ndi mbaula yaphulusa zikhale pamene sangafike. M'phala muthire nsinjiro kapena kapenta wosinja, ndipo pa nsima pazikhala nyemba, mazira, chiwindi kapena bonongwe, kenaka gwafa, mango kapena lalanje, popeza zipatso zotere zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi amachita zosiyana, choncho asamwere pa chakudya.